Mawa la a Telala

Aliyense amene anasoketsapo chovala akudziwa kuti telala ali ndi kalendala yakeyake. Pa kalendala imeneyo palibe Lolemba, palibe Lachisanu. Pali tsiku limodzi lokha basi, dzina lake mawa. Telala wa m'nkhani yathuyi naye anali wa mpingo womwewo, ngakhale kuti kumbali ya luso analidi katakwe, munthu woti akakusokera jekete anzako ankayamba kukupatsa ulemu. Shopu yake inali kachipinda ka kumaso kwa nyumba, khomo loyang'ana kumsewu. Munali makina awiri, tebulo lodulirapo nsalu lodzaza mizere ya choko, simbi pakona, ndi zovala za eni zolendewera pachingwe. Tepi yoyezera sinkachoka m'khosi mwake, moti mkazi wake ankati tsiku lina adzalowa nayo m'bafa.

Tsiku limene nkhaniyi inayamba, m'shopumo munalowa bambo wina wamimba yake, kudzatenga suti.

"A Telala, suti yanga ija?"

"Aa bwana, mwachita bwino kufika. Yangotsala mabatani basi. Mubwere mawa."

Suti yongotsala mabataniyo inali isanaonane n'komwe ndi sizasi. Nsalu inali chipindire pashelefu, ndipo mwini wakeyo ankaiona ndi maso ake. Koma anangoseka, n'kumuloza telala ndi chala, nati adzadutsanso sabata ikubwerayi. Ndi mmene zinkayendera. Telala ankati mawa, kasitomala ankamva sabata, aliyense n'kutsala mtima uli m'malo. Panalibe amene ankalitcha bodza. Kwa telala liwu limenelo linali ngati moni, lotuluka lokha munthu asanaganize.

Mkazi wake anali namwino wa kuchipinda cha ana. Awiriwa anali ndi mwana mmodzi, wamkazi, wotsala pang'ono kukwanitsa zaka zitatu, wamfupi, wa nkhope yozungulira. Bambo ake anamutcha Batani tsiku lomwe anabadwa, ndipo dzina lenileni linangotsalira pa mapepala a kuchipatala.

Masana a tsiku lomwelo namwino anatulukira pakhomo la shopu, yunifolomu ili m'thupi, chikwama chili paphewa, kumaso kukuwala.

"Bambo a Batani, taimitsani kaye makinawo."

"Ndili pakati pa msoko."

"Msokowo suthawa. Tchuthi chija andipatsa. Mwezi ukubwerawu ukamatha, kunyanja kuja tikupita."

Telala anadzuka mwaliwiro moti mpando unagwa chagada. Ulendo umenewu anapangana asanakwatirane n'komwe, wopita kunyanja yaikulu yamchere, kudziko lotentha, kumene mitengo ya kokonati imaweramira mchenga woyera. Ukwati utachitika analephera kupita chifukwa telala anali ndi mayunifolomu a ana a sukulu oti amalize. Kenako inabwera mimba, kenako matewera, ulendo n'kusanduka nkhani yongocheza pakudya. Telala nyanja ankangoiona pa nsalu za makasitomala, zija zojambulidwa mafunde ndi dzuwa. Tsono atamva kuti zatheka, anamunyamula namwino m'mwamba n'kuzungulira naye pakati pa zidutswa za nsalu, anthu odutsa mumsewu akusuzumira.

"Nditsitseni, mundithyola nthiti," anatero namwino akuseka.

Atamutsitsa, telala anali ndi pempho limodzi, ndipo apa mumvetsetse, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Munthuyu anali ndi chilonda chake mumtima. Tsiku limene Batani anaponya phazi loyamba, iye anali kogula ulusi, anangomva pofika. Liwu loyamba la mwanayo linali "amami". Dzino loyamba analiona ndi mayi woyandikana nawo nyumba. Zoyamba zonse za mwana wake yemwe ankazimva kwa ena, iye ali chiweramire pa makina, ndipo zinkamupweteka kwambiri ngakhale sankanena.

"Mayi a Batani, chinthu chimodzi chokha mundisiyire," anatero. "Tikakafika, wolowa naye m'madzi koyamba ndikhale ine. Funde loyamba likamukhudza akhale ali m'manja mwangamu. Ndimve ndekha mmene adzakuwire."

"Chimenecho ndakusiyirani. Ine ndidzakhala pamchenga n'kumajambula."

Kuyambira pamenepo nyumba ija inagwidwa malungo a ulendo. Akatha kudya, mwana akusewera pansi, awiriwo ankagundanitsa mitu pa foni imodzi kusankha kokagona. Telala ankakopeka ndi chilichonse. Uku kuli dziwe losambiramo, uku kuli chipinda cham'mwamba choonera nyanja yonse, uku akuti nsomba zimabwera kudzadya m'manja mwa anthu. Namwino ndiye ankafunsa mafunso a munthu wolera. Kodi muli kabedi ka mwana? Zitsulo za pakhonde lam'mwambalo, mutu wa Batani sungalowepo? Pagombepo pali mthunzi? Madzi ake ndi osaya? Nanga akatentha thupi, chipatala chili kutali bwanji?

"Inu tikupita kokasangalala kapena kokagwira ntchito?" anafunsa telala.

"Inu mukasangalale. Ine ndikufuna tibwereko atatu."

Pamapeto pake anagwirizana pa kanyumba ka pansi, kokhala ndi neti ya udzudzu, koti ukatsegula chitseko phazi limatera pamchenga. Ndege anasankha yonyamuka nthawi imene Batani amagona masana, kuti asakavutitse anthu.

Kokajambulitsa chithunzi cha pasipoti kunali sewero palokha. Batani anakana kuyang'ana kamera, kenako anayang'ana koma atatulutsa lilime, kenako anafuna kuti nayenso amujambule wojambulayo. Anatuluka m'menemo thukuta lili kamukamu, chithunzi chili m'manja, mwana atakwinya nkhope ngati munthu amene akufunidwa ndi apolisi.

Namwino anayamba kusonkhanitsa zake, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, mankhwala otsitsa kutentha thupi, matewera olowa nawo m'madzi, kandowa ndi kafosholo ka pulasitiki. Telala naye sanafune kutsalira. Anatsitsa nsalu ya maluwa achikasu imene ankaibisira makasitomala, nadulapo shati yake, diresi ya mkazi wake ndi kadiresi ka mwana, kuti pagombepo aliyense akadziwe kuti awa ndi a nyumba imodzi. Anasokanso kachipewa kotambalala kokhala ndi chingwe cha pachibwano, kuti mphepo isakaulutse. Zovala za ulendozi zokha ndi zimene sizinamve liwu loti mawa. Zinkatha tsiku lomwelo, masuti a anthu akudikira pachingwe.

Tsiku lina namwino anamupeza mwamuna wake pakati pa shopu, thalauza atapinda mpaka m'mawondo, atafungatira mpukutu wa nsalu pachifuwa, akudumpha pang'onopang'ono.

"Kodi mwayamba liti matenda amenewa?"

"Ndikuyeserera. Funde likamabwera ndizitere, dzanja ili kumsana, ili pansi. Kapena ndizimutembenuza kuti alione?"

"Inu nomwe kusambira simutha."

"Ndani wanena zosambira? Ine ndiima, madzi ndiwo adzayenda."

Namwino anaseka mpaka kukhala pa mpando wa makasitomala. Atapuma anati, "Koma chonde, mwanayu musamuuze. Mutu wake sunayambe kusunga masabata. Amadziwa lero, amadziwa kugona ndi kudzuka, basi. Tidzamuuza kutatsala tsiku limodzi."

"Ine? Pakamwa panga ndasoka ndi ulusi wawiri."

"Ulusi wanuwo ndimaudziwa."

Ulusiwo sunakhalitsedi. Nkhani yabwino imayabwa pakamwa, ndipo telala inkamuyabwa kuposa chitedze. Anauza makasitomala onse, anauza wogulitsa zipi, anauza ngakhale bambo wa suti uja, amene anangofunsa ngati suti yake idzathe ulendowo usanachitike kapena utachitika. Wotsala anali mmodzi yekha, ndipo ndi amene telala ankafunitsitsa kumuuza.

M'mawa wina namwino ali kuntchito, telala anamuimika Batani patebulo lodulira nsalu kuti amuyeze chovala chosambira nacho.

"Kweza manja. Eya. Usagwedezeke."

"Adadi, n'chani?"

"Chovala chako chosambira nacho."

"M'bafa?"

"M'bafa muja ungati muli madzi?" Telala anasuzumira kukhomo ngati wakuba, n'kutulutsa foni. "Taona kuno."

Batani anaona madzi opanda malire, mafunde akuthamangira pamchenga, ana akudumphadumpha ndi tindowa tawo. Maso anatong'oka. Anagwira foni ndi manja onse awiri, mphuno n'kuigunditsa pagalasi. Kenako anatambasula manja kuti atsitsidwe, ndipo atangoponda pansi anagwira chala cha bambo ake n'kuyamba kukokera kukhomo.

"Tiyeni."

"Lero ayi, mwanawe."

"Tiyeni, adadi. Kumadzi."

Kamlomo kanayamba kunjenjemera. Telala, amene sankatha kupirira misozi ya mwana wake, anachita zimene ankachita tsiku lililonse munthu akaima pakhomo kufuna chinthu chimene sichinathe.

"Mawa. Tipita mawa."

Misozi inabwerera komwe inachokera. Batani anavina pakati pa shopu, telala naye anavina, tepi ikuuluka m'khosi.

Kutacha, telala potuluka kuchipinda anamupeza mwana ataima kale pachitseko cha kumsewu. Chipewa chili kumutu, nsapato wavala mosemphanitsa, kandowa kali m'manja, m'kati mwake waikamo chidole ndi supuni.

"Adadi, kwacha. Tiyeni."

Telala anaseka mpaka kugwira pamimba, natenga foni n'kumujambula. Namwino, amene ankamanga nsapato kuti azipita kuntchito, sanaseke.

"Mwamuuza."

"Pang'ono pokha."

"Mwamuuza kuti tipita liti?"

Telala anakanda m'mutu. Batani ndiye anayankha. "Mawa. Adadi ati mawa. Kwacha."

Namwino anagwada, namuuza mwanayo mofatsa kuti kunyanja apitadi, koma kudakali kugona ndi kudzuka kwambirimbiri. Batani anapukusa mutu n'kuyang'ana bambo ake. Apa ndiye panali pokonzera zinthu. Telala akanangogwada naye, n'kunena kuti adadi analakwitsa, nkhani ikanathera pa misozi ya m'mawa umodzi. Koma anaona kamlomo kaja kayambanso kunjenjemera, kasitomala woyamba anali atafika kale panja, ndipo njira yachidule inali pafupi.

"Ndege yake lero yatopa. Mawa, wamva?"

"Bambo a Batani," anatero namwino motsitsa mawu ali pakhomo, "uyu si kasitomala wanu. Makasitomala anu amadziwa kuchotsera. Uyu amameza zonse mmene mwamupatsira."

"Aa, mwana ameneyu? Pofika masana akhala ataiwala. Ana mitu yawo ndi sefa."

"Ine ndimaswera ndi ana tsiku lililonse. Saiwala."

"Pitani mungachedwe, a dokotala."

Batani sanaiwale. M'mawa uliwonse ankaima pachitseko ndi chipewa chake, ndipo m'mawa uliwonse bambo ake ankapeza chifukwa chatsopano. Lero woyendetsa ndege wadwala chimfine. Lero nyanja akuichapa. Lero nsomba zapita kusukulu. Kunena zoona telala zinkamukomera, poti mwanayo ankachita zoseketsa. Ankatsanzika mphaka. Ankatsanzika mayi woyandikana nawo uja, amene poyamba ankamupatsa bisiketi ya panjira, mpaka anatopa n'kufunsa ngati ulendowu uli wapansi. Ankalongedza mu sutikesi chilichonse chimene wapeza, sopo, rimoti, nsapato imodzi ya bambo ake, choko cha m'shopu. Makasitomala akalowa ankawalandira ndi uthenga wakuti, "Ine mawa ndipita kumadzi aakulu." Iwo ankaseka, ena n'kumuyang'ana telala cham'mbali, poti mawa limenelo ankalidziwa bwino.

Namwino anayesetsa mbali yake. Anatenga botolo n'kuikamo mabatani, nati mwana azichotsamo limodzi akadzuka, akatha ndiye ulendo wakwana. Batani analiyang'ana botololo, analikhuthula lonse pansi nthawi imodzi, nati, "Atha. Adadi ati mawa." Masiku amenewo mawu a bambo ake ndiwo anali olemera kwa iye kuposa a wina aliyense, ndipo telala akamva zoterozo ankadzimva kukoma.

Kenako kuseka kunayamba kuchepa. M'mawa wina atauzidwa kuti mawa, Batani anakhala pansi pachitseko pomwepo n'kulira. Sikunali kulira kuja kofuna bisiketi, kunali kulira kwa munthu amene walandidwa chake. Anakana kudya, anakana kuvula chipewa, masana anagona nacho. Telala zinamukhudza, koma ntchito inali itamufika pakhosi, poti aliyense ankafuna chovala chake iye asananyamuke. Anamugulira chibaluni, nkhani n'kuiyesa yatha.

Patapita masiku angapo anatuluka kuchipinda n'kupeza pachitseko palibe munthu. Batani anali pansi pa tebulo akusewera ndi zidutswa za nsalu. Chipewa chinali m'dengu la zotaya.

"Mwaona? Ndinanena ine kuti aiwala," anatero telala monyadira.

"Sanaiwale. Wasiya."

"Kusiya ndi kuiwala n'chimodzimodzi."

Namwino anatola chipewacho, anachikung'untha, n'kukachiika mu sutikesi.

Kusiyana kwake kunaoneka posachedwa. Tsiku lina telala akutuluka kukagula zipi anati, "Batani, ndikubweretsera nthochi." Mwanayo sanadumphe monga kale. Anatembenukira kwa mayi ake.

"Amami, zoona?"

"Zoona, mwanangu."

Pamenepo m'pamene anamwetulira. Telala anaseka, nati mwanayu wayamba uloya. Koma chinakhala chizolowezi. Adadi akati chakudya chapsa, amami zoona? Adadi akati kunja kukugwa mvula, ankapita kukasuzumira yekha pawindo. Telala ankaona ndithu, mtima n'kumuluma pang'ono, koma ankadzitonthoza kuti nyanja ikakonza zonse. Mwana akakaona madzi aja adzadziwa kuti bambo ake sananame, anangochedwa.

Tsiku linafika. Telala anasita zovala za maluwa zija, anakhoma chikwangwani pachitseko cha shopu choti watseka, suti ya bambo wamimba uja atapereka dzulo lake mabatani ali onse. Mwana anamudzutsa ndi nyimbo.

"Batani, dzuka. Lero ndi lero. Tikupita kunyanja."

Batani anatikita m'maso. "Amami, zoona?"

"Zoona. Vala nsapato."

Ndiye kunali chimwemwe chodzaza tsaya. Pabwalo la ndege Batani ankapatsa moni aliyense, ngakhale masutikesi oyenda okha pa lamba. Achitetezo anamulanda telala sizasi yake yaing'ono imene anaiiwala m'thumba la jekete, ndipo anaidandaula pang'ono chabe. M'ndege mwana anakanirira pawindo, anafunsa ngati mitambo imadyedwa, kenako anagona monga momwe mayi ake anaganizira. Telala ndiye sanagone. Anagwira mpando zolimba ndege ikunyamuka, ndipo itakhazikika anayamba kuyang'anitsitsa yunifolomu ya mayi wopereka zakumwa, n'kunong'oneza mkazi wake kuti kolala yake anaipinda molakwika.

Atatsika, kutentha kunawalandira ngati nthunzi ya simbi. Galimoto inayenda nawo ndithu, ndipo pokhota pena, pakati pa mitengo ya kokonati, nyanja inaonekera, yobiriwira kufupi ndi gombe, yabuluu kutsogolo, yopanda tsidya. Telala anatembenukira kwa mkazi wake. Misozi inalengeza m'maso.

"Mayi a Batani, nsalu zija zimanama. Mtundu uwu palibe anaupangapo."

Sanadikire n'komwe kumasula masutikesi. Namwino anamupaka mwana mafuta, anamumanga chipewa, onse atatu n'kutuluka ndi maluwa awo achikasu. Mchenga unali wofunda, wofewa. Batani anathamanga, kugwa, kudzuka, kuthamanganso, akukuwa kuti madzi, madzi. Telala anamupitirira, analowa m'madzi mpaka m'mawondo, shati yatsopano ikunyowa, natembenuka manja atatambasula. Namwino anakweza foni monga analonjezera.

Funde linabwera ndi mkokomo wake, linaswekera pamchenga, thovu n'kuthamangira kumapazi a mwana. Batani anaima, kenako anabwerera m'mbuyo. Pafoni paja nyanja inali yaing'ono, yokwana m'manja. Iyi inali yaikulu kuposa chilichonse chimene anachionapo, ndiponso inkabangula.

"Bwera, Batani. Usaope. Adadi akugwira."

Mwana anayang'ana madzi, anayang'ana bambo ake.

"Sindikusiya, mwanangu. Ndikugwira zolimba. Bwera."

Batani anagwira diresi ya mayi ake. Kenako anakweza kadzanja, mwaulemu ndithu, mmene ankaonera bambo ake akubweza makasitomala m'shopu muja.

"Mawa, adadi."

Anthu amene anakhala chapafupi anaseka poona kamwana kakubweza bambo ake ndi dzanja. Telala anayesa kuseka nawo koma sizinatheke. Anatuluka m'madzi, nati angomunyamula basi, akazolowera momwemo. Atangomukweza n'kuponya phazi kulowera kumadzi, mwanayo anakuwa, anaphiriphitha, zikhadabo n'kumukanda m'khosi, akuitana amami. Anamutsitsa msanga. Mwana akagwidwa ndi mantha amafuna munthu amene akati ndikugwira amagwiradi, ndipo telala anadziwa pomwepo kuti m'maso mwa Batani munthu ameneyo sanali iye.

"Mupatseni nthawi," anatero namwino pobwerera kukanyumba, mwana ali kumsana. "Ana ambiri amaopa mafunde tsiku loyamba."

"Si mafunde okha amene akuwaopa," anatero telala.

Masiku otsatira anali okoma, tisanamizane. Batani anakumba maenje, anathamangitsa nkhanu, anatola zigoba za nkhono zodzaza kandowa, anamwa madzi a kokonati mpaka kamimba kutuluka. Anawakwirira bambo ake mumchenga mpaka m'khosi n'kuwaveka chipewa chake, akuseka chikhakhali. Pamchenga adadi anali bwenzi la pamtima. Koma telala akangoti tiye kumadzi, mwanayo ankabisa manja kumbuyo. Telala anayesa kutunga madzi m'kandowa n'kumuthira kumapazi. Anayesa kukhala pansi m'madzi osaya n'kumaimba, alendo ena akumujambula. Anayesa kulonjeza ayisikilimu, koma lonjezolo linangomuonjezera chisoni, poti Batani anatembenuka kukafunsa kwa mayi ake.

Namwino nthawi yonseyi sanalowe naye m'madzi mwanayo. Ankasamba yekha Batani akagona masana, pofuna kusunga pangano lija. Kangapo konse mwanayo anamukoka dzanja, akuloza ana ena amene ankasewera m'mafunde ndi makolo awo, koma mayiyo ankati, "Pita ndi adadi," mwana n'kukhala pansi.

Tsiku lomaliza, dzuwa litakwera pang'ono, awiriwo anakhala pamthunzi wa mtengo wa kokonati. Batani anaima chapatali ndi madzi, kandowa kali m'manja, akuyang'ana ana anzake aja. Ankasendera pang'ono, funde likabwera n'kuthawa, kenako n'kusenderanso.

"Bambo a Batani, chija ndinakusiyirani, ndipo ndasunga," anatero namwino. "Koma kukacha tikunyamuka. Mwanayu madziwo akuwafuna, mukumuona nokha. Kodi abwerere kunyumba osawalawa?"

Telala anayamba kufukula mchenga ndi chala. Anaganiza zoyesanso kamodzi. Anaganiza zoti amusungire mwanayo mpaka chaka china, adzabwerenso atakhulupirirana. Koma anaona mmene Batani ankawayang'anira ana anzakewo, ndipo anachita manyazi ndi maganizo ake omwe.

"Mutengeni," anatero. "Ndipatseni foniyo."

Namwino anapita, nagwada pafupi ndi mwanayo.

"Tiye. Ndikugwira, sindikusiya."

Batani sanafunse kwa wina aliyense. Anataya kandowa n'kukweza manja. Mayi ake anamunyamula, nalowa naye pang'onopang'ono mpaka madzi anawafika m'chiuno. Funde linabwera, linawamenya onse awiri, ndipo mwanayo anakuwa, kukuwa kwa chimwemwe kumene telala anakhala akulota masabata onse aja. Kenako anaseka, akumenya madzi ndi manja, akulavula mchere, akuti, "Lina, amami, lina." Telala anamva zonse bwinobwino ali pamchenga, thaulo lili paphewa, foni ili m'manja. Anasangalala chifukwa mwana wake anali wosangalala, ndipo analira chifukwa pamene anaima namwino panali pamalo pake.

Atabwerera kwawo telala sanamunamizenso mwanayo, ngakhale pa kanthu kakang'ono. Chikhulupiriro chinabwerera pang'onopang'ono, ndipo m'zaka zotsatira Batani analowa m'madzi ndi bambo ake kambirimbiri. Koma funde loyamba limabwera kamodzi kokha, ndipo iye linamupeza ali kumtunda, akujambula. Akuluakulu sanalakwe ponena kuti madzi akatayika saoleka.